Amayi otere ndiwo anatilera

Zikomo alembi potikumbutsa za agogo a ku Mitundu amenewa, omwe mwati analima mpaka khasu litayamba kuwalemera. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Chimandiwawa n'chakuti dzina la amayi otere silimveka. Fodya akagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo, kawirikawiri ndalama zimatuluka m'dzina la abambo, chonsecho wothirira nazale ndi wosoka fodya m'chigafa ndi mayi, mwana ali kumsana. Akaweruka kumeneko, mtondo ukumudikira.

Pa njala ya 2002, kwathu ku Nathenje amayi anga ankalawirira kuganyu, kubwerako ndi timadeya m'kambale, n'kutiphikira ife ana, iwo n'kumati adya kale. Sanadye ayi. Koma mbewu ya mtedza sanaikhudze ngakhale tinkalira, ndipo mvula itagwa anadzala munda wonse.