“Kwathu kuno sititaya makolo”: nanga anansi athu akuchita zotani?

Kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi ku Mchengautuwa, mumzinda wa Mzuzu muno, kumakhala agogo aakazi amene mwana wawo amawatsekera m'nyumba m'mawa uliwonse akamapita kukagulitsa tomato kumsika. Musafulumire kumuweruza mayiyo. Agogowo anayamba kuiwalaiwala zaka zitatu zapitazo, ndipo tsiku lina m'mwezi wa Juni, kuli chisanu chija cha kuno chosalola kutulutsa dzanja m'bulangete, anatuluka mbandakucha atangomanga kansalu m'chiuno n'kukapezeka ku Chiputula. Pamene tinkafika, anthu anali atawazungulira kale. Mnyamata wina ankakuwa kuti agwa pa lichero usiku. Zikanakhala kuti tinachedwa pang'ono, bwenzi pano ndikulemba za maliro.

Kuyambira tsiku limenelo, loko ndiye anakhala mlezi wawo.

Nditauza anzanga kutchalitchi kuti mwina tikufunika malo osamalirako okalamba, yankho linali lomwe ndinkalidziwa kale, chifukwa inenso ndinkayankha choncho: “Zimenezo ndi za azungu, kwathu kuno sititaya makolo.” Mawuwo ndi okoma. Koma banja lija tinkadalira lili kuti? Anyamata a ku Mzimba ali ku Joni, edzi inakolola m'badwo wapakati n'kusiyira agogo zidzukulu, ndipo m'tauni muno nyumba ya zipinda ziwiri ikusunga anthu asanu ndi atatu. Mu Januwale 2016 ku Neno anapha okalamba anayi a banja limodzi mphenzi itapha mtsikana. Mu Disembala 2022 tonse tinaonera pa foni amayi achikulire akuzunzidwa pamanda ku Mzimba konkuno. Lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1911, koma silinawatchinjirize.

Ine ndimapikula katundu ku Kyela ndi ku Mbeya, nthawi zina mpaka ku Dar es Salaam, ndipo mng'ono wanga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Cape Town. Ndiye ndakhala ndikufunsa ndi kuyerekeza.

Ndiyambe ndi Tanzania, poti ndi kungowoloka Songwe. Iwo anakhazikitsa ndondomeko ya okalamba mu 2003, ife yathu inadza mu 2016. Munthu wa zaka 60 amayenera kulandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma, ndipo m'zipatala zambiri amauza anthu kuti wokalamba aziyamba ndiye kuonedwa. Anzanga a ku Taifa Market, msika wa ku Mzuzu kuno komwe kuli amalonda ochokera ku Tanzania, amati mzere amakudumphitsadi, koma mankhwala nthawi zambiri umakagula wekha. Boma lawo lili ndi nyumba za okalamba monga Nunge ku Kigamboni ndi Bukumbi kufupi ndi Mwanza. Zina mwa nyumbazi zinayamba ngati malo osungirako odwala khate, ndipo fungo la kusalidwa silinachoke kwenikweni: kupita kumeneko anthu amakuona ngati wotayidwa. Apa sindikuonapo chotengera.

Chomwe chimandigwira mtima chili ku Zanzibar. Kuyambira Epulo 2016, aliyense wofika zaka 70 amalandira ndalama mwezi ndi mwezi kuchokera ku boma, osafunsidwa ngati ndi wosauka kapena ngati anagwirapo ntchito ya pa tikiti. Anayamba ndi mashilingi 20,000, kenako anakweza kufika 50,000. Ndi ndalama yochepa, sigula thumba la mpunga. Koma taganizani za agogo a kuseri kwathu aja. Atakhala ndi kandalama kawokawo mwezi uliwonse, mwana wawo akhoza kupatsa mtsikana wa pafupi kuti azikhala nawo masana, ndipo loko uja sangafunikenso. Komanso munthu amene amabweretsa kanthu pakhomo salankhulidwa ngati katundu. Ife Mtukula Pakhomo amasankha mabanja ochepa okha osaukitsitsa, ndipo kusankhako n'komwe kumabala nsanje m'mudzi: uyu walowa, uyo watsala, onse ndi imvi zofanana. Lesotho, dziko laling'ono losalemera, limapatsa okalamba ake ndalama zotere kuyambira 2004. Ndiye mawu oti “ndife osauka” paokha sakukwanira.

Za Zambia sindichulutsa, chifukwa tikufanana nawo kwambiri. Ndalama zothandizira mabanja ovutika anaziyamba ku Kalomo mu 2003, ife ku Mchinji mu 2006. Boma lawo lili ndi nyumba ya okalamba ya Maramba ku Livingstone ndi ya Chibolya ku Mufulira, kwinako n'kwa mipingo. Munthu wa ku Lundazi, kuseri kwa Mzimba kuno, ukamupititsa ku Livingstone wamuchotsa pa chiyankhulo chake, pa manda a makolo ake, pa aliyense womudziwa dzina. Ngati tidzamange zathu, zikhale zazing'ono ndi zapafupi, zoti mdzukulu n'kufikako pa kabaza.

Ku Zimbabwe nkhaniyi ndi yathu ndithu. Ambiri amene anakalambira m'nyumba zosungira okalamba kumeneko ndi machona, amuna a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amene anathera mphamvu zawo m'mafamu ndi m'migodi, opanda munda, opanda mudzi wobwererako. Ena mwa iwo anachoka ku Nkhata Bay ndi ku Mzimba ali anyamata. Tikamati Mmalawi sakhala m'nyumba yotere, tikuiwala amalume athu amene anasungidwa ndi alendo mpaka kuikidwa ndi alendo.

Tsopano South Africa, komwe ndikufuna tichedwepo. Lamulo lawo la Older Persons Act la 2006, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2010, silingonena kuti okalamba azilemekezedwa. Limatchula zinthu mmodzimmodzi. Nyumba iliyonse yosunga okalamba iyenera kulembetsedwa ku boma. Munthu sangalowetsedwemo iye asanavomere, pokhapokha dokotala atatsimikiza kuti mutu wake sungathenso kusankha, ndipo apo pali njira yake yotsata. Wokhalamo ali ndi ufulu wolandira alendo, wosunga katundu wake, wopemphera kumene akufuna, wokhala payekha akafuna, ngakhale wodziwa mmene chuma cha nyumbayo chikuyendera. Akafuna kumusamutsa kapena kumutulutsa, amuuze kutatsala masiku 30. Pamene pali okalamba oposa khumi payenera kukhala komiti yomwe okhalamowo ali ndi mawu. Aliyense woganizira kuti wokalamba akuzunzidwa ayenera kukanena, ndipo opezeka olakwa amalembedwa m'kaundula kuti asadzagwirenso ntchito yotere. Pamwamba pa izi, wosauka wa zaka 60 amalandira ndalama zoposa R2,000 pamwezi.

Mng'ono wanga amati kumene amagwirako, gogo akakana kusamba m'mawa samukakamiza. Amalemba m'buku n'kudzamufunsanso masana. Atandiuza ndinakhala chete, chifukwa ndinakumbukira mmene ine ndinkawasambitsira amayi anga m'miyezi yawo yomaliza, mwachikondi ndithu, koma osawafunsa n'kamodzi komwe.

Komatu dziko lomweli ndi limene likutichenjeza koposa onse. Mu 2016 boma la chigawo cha Gauteng, pofuna kupulumutsa ndalama, linachotsa odwala matenda a maganizo oposa 1,000 m'zipatala za Life Esidimeni n'kuwamwaza m'timabungwe tosakonzeka, tambiri topanda ziphaso zoyenera. Anthu 144 anafa, ambiri ndi njala, ludzu, kuzizidwa ndi kusasamalidwa, ndipo abale ena sankadziwa n'komwe kumene m'bale wawo wapititsidwa. Mu 2018 woweruza wopuma Dikgang Moseneke analamula kuti banja lililonse lipatsidwe R1.2 miliyoni. Sanali okalamba okhaokha, koma anali anthu osungidwa ndi ena, osatha kudziyankhulira. Malamulo analipo. Chinasowa ndi munthu wolowa pakhomo n'kukavundukula m'poto, n'kukweza bulangete kuona zilonda. Ndipo nyumba zabwino ngati ya mng'ono wanga ndi za olipira. Gogo wa ku lokeshoni sazilota.

Ife lamulo lathu la okalamba linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu Epulo 2024, pambuyo pa zaka zambiri mabungwe omenyera ufulu wa okalamba monga MANEPO akugogoda. Ndinasangalala, ndipo ndikusangalalabe. Koma kuseri kwathu sikunasinthe kanthu, ndipo nyumba zosunga okalamba zikubadwa kale, za mipingo ndi za anthu a mtima wabwino monga Mai Mbambande ku Lilongwe. Zikadzachuluka, padzalowanso ofuna kudyerapo. Mpofunika kumanga mpanda mbuzi zisanalowe m'munda.

Zomwe ndikupempha aphungu athu ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu si nyumba zosanjikizana. Choyamba ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi m'manja mwa wokalamba mwiniwake, ngati ku Zanzibar, kuti ambiri akalambire pakhomo pawo. Kenako, kwa ochepa amene alibiretu kolowera, malo aliwonse owasunga akhale m'kaundula wa boma, ndipo woyendera azifika osalengeza, ali ndi mafuta a njinga yamoto operekedwa ndi boma osati ndi mwini malowo. Azilankhula ndi gogo payekha, womusamalira atatuluka. Munda ndi nyumba ya munthu zisagulitsidwe chifukwa choti wapita kosungidwa, paja ena amene amatchula agogo ufiti maso awo amakhala ali pa malo. Nkhope ya wokalamba isaikidwe pa Facebook popempha thandizo iye asanalole. Umphawi suchotsa manyazi. Ndipo matenda oiwalaiwala aziphunzitsidwa kwa mafumu, abusa ndi apolisi a m'madera, poti kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi wa a St John of God amene amadziwa za matenda a maganizo. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma moto ukayakira iwowo, wozimitsa ndi amene adziwe kuti gogo woyenda usiku akudwala.

Sabata zingapo zapitazo ndinachita chimene sindinawachitire amayi anga. Ndinakhala pansi ndi agogo a kuseri aja, mwana wawo ali pomwepo, n'kuwafunsa kuti, “Agogo, inuyo mumafuna chiyani?” Poyamba ananditchula dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale. Kenako anati akufuna kuwothera dzuwa pakhonde, ndi kumva kwaya Lamulungu. Mwana wawo analira. Pano kiyi amasiyidwa kwa ine Lachiwiri ndi Lachinayi, masiku ena kwa amayi awiri a mumzere mwathu, koma Lachisanu silinapeze munthu, ndipo mwezi wamawa ndikupita ku Mbeya kwa masiku asanu.