Kuphunzitsa mwana amene adzakulande malo

Mwa osewera onse a mpira wa ku America amene ndawaona chiyambireni kuutsatira, amene ndimamulemekeza koposa sanakwezepo chikho cha Super Bowl, masewero omaliza olimbirana ukatswiri wa chaka, ngakhale kamodzi. Dzina lake ndi Alex Smith. Ndikamatchula dzinali anzanga amandiyang'ana modabwa, chifukwa iwo amayembekezera kumva Tom Brady kapena Patrick Mahomes. Ndiye lero ndati ndilembe bwinobwino chimene ndimamuikira pamwamba.

Mu April 2017, Smith anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 33. Anali atatsogolera timu ya Kansas City Chiefs ngati quarterback kwa zaka zinayi, ndipo timuyo inkapambana ndithu. Kwa amene simuutsata mpirawu, quarterback ndiye mtima wa timu ikamaukira: ndiye amalandira mpira, kuwerenga mmene adani aimira, n'kusankha woti amuponyere. Malowa ndi a munthu mmodzi. Sizili ngati mpira wamiyendo kumene mungaike otchinga kumbuyo awiri n'kumathandizana. Wina akalowa m'bwalo, winayo akhala pabenchi.

Tsono tsiku losankha osewera atsopano ochokera m'makoleji litafika, a Chiefs anachita zinthu zoti aliyense anamva tanthauzo lake. Anayenera kusankha pa nambala 27, koma anagwirizana ndi a Buffalo Bills kuti akwere pa nambala 10, n'kupereka ngakhale mwayi wawo woyamba wa chaka chotsatira, kuti atenge mnyamata wa zaka 21 wa ku Texas Tech, Patrick Mahomes. Timu siitaya zambiri choncho pofuna munthu wongokhala pabenchi. Smith anadziwa tsiku lomwelo kuti wolowa m'malo mwake wafika pakhomo.

Ndipo sikanali koyamba kuti zimuonekere. Iyeyu anasankhidwa pa nambala 1 mu 2005 ndi San Francisco 49ers, n'kuponyedwa m'madzi akuya asanadziwe kusambira. Chaka chake choyamba anaponya touchdown (chigoli cha mpirawu) imodzi yokha, koma mipira 11 inagwidwa ndi adani. Zaka zisanu zoyambirira, chaka chilichonse ankapatsidwa mphunzitsi wina wokonza zoukira, aliyense ndi kachitidwe kake ndi mawu ake. Atayamba kukhazikika, mu 2012 anavulala m'mutu pa masewero ena, Colin Kaepernick n'kulowa. Smith atachira anapeza malo ake atapita. Timu inafika mu Super Bowl iye akuonerera ali m'mbali mwa bwalo, kenaka anamugulitsa ku Kansas City.

Munthu amene waona zotere ali ndi zifukwa zonse zoumira mtima. Akanatha kunena kuti ine palibe anandigwira dzanja, nayenso mwanayu adzionere yekha. Sanatero. Chaka chonse cha 2017 anamulola Mahomes kumutsata kulikonse, kukhala naye poonera mavidiyo a adani, kumuyankha mafunso, kumuonetsa mmene sabata ya katswiri imayendera kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Mahomes mwiniwake wakhala akunena poyera kuti kakonzekeredwe kake ka masewero anakatengera kwa Smith, ndipo mphunzitsi wawo Andy Reid ananenapo kuti Mahomes sangathe kumubwezera Smith zimene anamupatsa chaka chimenecho.

Wina anganene kuti kodi aphunzitsi ntchito yawo ndi chiyani, si iwowo oyenera kuphunzitsa mwana? Ndi zoona, ndipo timu iliyonse ya mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, ili ndi aphunzitsi ambirimbiri. Koma taonani mmene mpirawu umaseweredwera. Sewero lina likatha, timu imakhala ndi masekondi 40 kuti iyambe lina. Mu chipewa cha quarterback muli kawailesi, mphunzitsi amamuuza sewero loti achite. Pakangotsala masekondi 15, kawailesiko amakadula. Kuyambira pamenepo mnyamatayo ali yekha. Kutsogolo kwake kuli amuna 11 amene akusintha malo dala kuti amusokoneze, ena akunamizira kuti akubwera kudzamugwetsa pomwe abwerera, ena aima chete pomwe ndi amene alumphe. Anthu masauzande akukuwa moti mnzake wapafupi sakumumva. Zimene zimachitika m'mutu mwa munthu pa masekondi 15 amenewo, mphunzitsi atha kuzijambula pa bolodi, koma amene angakuuze mmene zimamvekera ndi amene anaimapo pomwepo Lamulungu lapitalo, nthiti zikumupweteka. Ndi iye angakuuze kuti wotchinga uja ukamuona wapendekera mwakuti, usakhulupirire. Ndi iye angakuuze kuti ukaponya mpira n'kugwidwa ndi adani, uchite chiyani ndi mtima wako pa mphindi zisanu zotsatira usanalowenso.

Pali zinanso zing'onozing'ono zosalembedwa m'buku la timu. Ufike nthawi yanji ku maofesi a timu. Tsiku lopuma uligwiritse ntchito bwanji. Thupi ulisamale bwanji kuti lifike mu December lisanathe. Atolankhani uwayankhe bwanji mutagonja, osaloza chala mnzako amene wagwetsa mpira. Anthu akuluakulu otchinga kutsogolo kwako, amene amamenyedwa tsiku lonse kuti iwe usakhudzidwe, uwalemekeze bwanji. Mwana wochokera ku koleji amafika ndi mkono wamphamvu ndi miyendo yothamanga, koma izi alibe, ndipo palibe kwina angazipeze koposa kwa mkhalakale amene wakhala naye chipinda chimodzi.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndinaionapo ndi maso, kutali ndi bwalo la mpira. Ndili mnyamata ndinkaphunzira umakaniko pa galaja ina m'tauni. Amene ankatiyang'anira anali katswiri weniweni, koma ikafika nthawi yotchera taimingi ya injini, ankanditulutsa. Ankangopisa m'thumba n'kunena kuti, “Iwe, tathamanga ukandigulire ndudu.” Pobwera ndinkapeza injini ikulira bwinobwino, iwo akupukuta m'manja. Miyezi inatha ine ndikungotsuka masipanala. Amene anandithandiza anali madala ena a pagalaja pomwepo, imvi mbuu, amene tsiku lina anandiitana, n'kundipatsa sipanala m'manja, iwo manja kumbuyo. Anati, “Mphwanga, zungulitsa pang'onopang'ono, uone pamene zizindikirozi zikumanirane. Usandiyang'ane ine, yang'ana injini.” Ndinalakwitsa kawiri, iwo osakalipa. Kachitatu inalira. Mpaka lero ndikaona wosewera wamkulu atakhala pabenchi ndi kamnyamata, onse maso pa tabuleti, chala chikuloza, ndimakumbukira madala aja.

Komatu sindikufuna kunama kuti ndi zophweka, kapena kuti amene amakana ndi anthu oipa. Chaka chomwe Smith anasankhidwa pa nambala 1, a Green Bay Packers anatenga Aaron Rodgers pa nambala 24, pomwe anali ndi Brett Favre, ngwazi ya timuyo. Favre sanabise maganizo ake: ananena kuti kontrakiti yake siimuuza zokonzekeretsa Rodgers. Rodgers anakhala pabenchi zaka zitatu, akuphunzira pongoonerera, mpaka 2008 pamene anapatsidwa timu. Mu 2022 Ryan Tannehill wa Tennessee Titans ananenanso zofanana timu yake itatenga Malik Willis, kuti kulera mnyamatayo si ntchito yake. Anthu anamunyoza kwambiri, koma ine ndimamvetsa kumene mawuwa amachokera. Mu NFL timu imaloledwa osewera 53 okha. Wosewera wamba amakhala mu ligiyi zaka zitatu kapena kupitirira pang'ono basi. Makontrakiti ambiri sakhala otsimikizika onse, timu itha kukutulutsa mawa ndalama zotsalazo osazionanso. Ndipo wachinyamata amalandira zochepa kuyerekeza ndi mkhalakale, ndiye akangofanana nawe pa luso, mabwana amasankha iyeyo. Kumuuza munthu wotere kuti phunzitsa mwanayu n'chimodzimodzi kumuuza kuti nola nkhwangwa imene idzadule mtengo wako. Ali ndi ana kunyumba. Sindingamuponye mwala.

Koma kumvetsa munthu si kugwirizana naye. Ine ndikuti Favre ndi Tannehill analakwitsa pa chinthu chimodzi: ankaganiza kuti kuphunzitsa mwana ndi kumupatsa malo ako. Smith anaonetsa kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chaka chomwe ankaphunzitsa Mahomes ndi chimene iye anasewera bwino koposa pa moyo wake wonse. Anaponya mayadi 4,042, ma touchdown 26, ndipo mipira imene inagwidwa ndi adani inali 5 yokha. Pa kawerengedwe ka luso la oponya mpira, anali pa nambala 1 mu ligi yonse. Sanamupatse mwanayo malo ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha chisoni. Mahomes anayamba masewero amodzi okha chaka chimenecho, omaliza, ku Denver, timu itatsimikiza kale malo ake m'ndime yochotsana. Ndiye kuti Smith ankalimbana naye m'bwalo ndi mphamvu zake zonse, akabwerera m'chipinda n'kumutsegulira zonse zimene ankadziwa. Apa ndi pamene ndimamuvulira chipewa.

Ndipo kubisa nzeru sikunapulumutsepo munthu. Favre anachokabe ku Green Bay. Zaka sizimva kuti wabisa kapena waulula, miyendo ikatha yatha. Chimene munthu angasankhe ndi chakuti wobwera pambuyo pake apeze chiyani. Mwina n'chifukwa chake Rodgers, zitamufikira iyenso mu 2020 timu itatenga Jordan Love, ngakhale sanakondwe ndi mabwana ake, mkwiyo sanaukhuthulire pa mwanayo. Love nayenso anakhala pabenchi zaka zitatu, ndipo amamuyamikira Rodgers poyera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo Rodgers anali atalawa kale kuzizira kwa chipinda chimene wamkulu sakukulankhula.

Zimene zinatsatira ku Kansas City zimandiwawa ndikamazikumbukira. Chiefs inagonja 22-21 kwa Titans mu January 2018, ndipo mwezi womwewo nkhani inamveka kuti Smith akupita ku Washington. Mahomes atangotenga timu anaponya ma touchdown 50 ndi mayadi opitirira 5,000, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse mu ligi. Chaka chomwecho, pa 18 November 2018, Smith anathyoka mwendo koopsa posewera ndi Houston Texans. Bala linalowa tizilombo, moyo wake unali pa chiswe, madokotala anaganizapo zodula mwendowo. Anachitidwa maopaleshoni 17. Pamene Mahomes ankakweza chikho chake choyamba mu February 2020, atagonjetsa 49ers, timu yomwe ija inamusiya Smith, Smith mwiniwakeyo n'kuti akulimbana ndi zoti mwendo uyambenso kumvera. Anabwereradi m'bwalo mu October 2020, n'kusewera chaka chimodzi chomaliza. Dzina lake silili pa zikho zitatu za Mahomes, koma ine ndikamaona Mahomes akuloza apa ndi apo mpira usanayambe, akusintha sewero modekha, ndimaona dzanja la Smith.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva otsatira mpira akunena kuti mkhalakale wakutiyu achotsedwe, akungodya ndalama, sathamanganso. Ziwerengero za pa kanema sizionetsa amene amatsala ndi ana pambuyo pa zokonzekera. Matimu anzeru amadziwa zimenezi. Taonani Philadelphia Eagles. Jason Kelce anali center wawo, munthu amene amapereka mpira kwa quarterback n'kumauza anzake otchinga kuti aliyense agwire ndani. Atayandikira kupuma, timu inamupempha kuti athandize kuunika achinyamata a m'makoleji osewera malo akewo. Iye anaonera mavidiyo, n'kuyamikira Cam Jurgens wa ku Nebraska, ndipo a Eagles anamutenga mu 2022. Tangoganizani, munthu kuloza yekha amene adzamulowe m'malo, kenaka n'kukhala naye zaka ziwiri akumuonetsa ntchito. Chaka chachiwiri Jurgens ankasewera pambali pake penipeni, phewa ndi phewa, akumva mawu alionse amene Kelce ankakuwa mpira usanayambe.

Kelce anapuma mu March 2024. Pa Super Bowl ya mu February 2025 ku New Orleans ndinadzuka monga mwa nthawi zonse, cha m'ma 1 koloko usiku, ndinakhala ndi kapu ya tiyi anthu onse m'nyumba ali mtulo. Mbali ina kunali Mahomes, wophunzira wa Smith. Mbali inayo, atawerama pa mpira pamalo pamene Kelce anawerama zaka 13, kunali Jurgens, akuloza otchinga a Chiefs ndi chala, akuitana anzake. Eagles inapambana 40-22.