Zanzibar si magombe ndi apusi okha ayi

Alembi, m'nkhani yanu yonena za Zanzibar, za nkhalango ya Jozani mwalemba bwino zedi. Apusi ofiira aja a colobus sapezeka kwina kulikonse koma pa zilumba za Zanzibar pokha, ndiye pamene boma linasandutsa nkhalangoyi kukhala paki yotetezedwa mu 2004 linachita zanzeru.

Koma zandiwawa kuti Stone Town, chigawo chakale cha mzinda wa Zanzibar, mwangoitchula mothamanga, ngati malo ojambulitsirapo zithunzi basi. Amalawife malo amenewo amatikhudza pamtima. Ambiri mwa akapolo amene ankagulitsidwa pamsika wa kumeneko ankachokera kuno kwathu. A Jumbe a ku Nkhotakota ankawaolotsa nyanja pa ngalawa, kenako ulendo wapansi mpaka ku Kilwa, pagombe la Tanzania, ena n'kumafera m'njira. Msikawo unatsekedwa mu 1873, ndipo a Anglican anamanga tchalitchi cha Christ Church pamalo omwewo. Mkati mwake muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, umene patsinde pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Panja pali ziboliboli zisanu za akapolo ataimirira m'dzenje, unyolo uli m'khosi. Kodi ana athu ophunzira mbiri ya ukapolo kusukulu amadziwa zimenezi?

Nyumba za ku Stone Town nazonso zili pachiswe, ngakhale bungwe la United Nations la UNESCO linaika mzindawu pa mndandanda wa malo a mbiri mu 2000. Makoma ake ndi a miyala ya m'nyanja ndi laimu, ndiye munthu akamata simenti, chinyontho chimatsekeredwa mkati, khoma n'kuyamba kuyoyoka. Chonde mudzalembekonso za zimenezi.