The Persuaders! inachoka osatsanzika

Ndinene maganizo anga pa The Persuaders!, filimu ya magawomagawo ya ku Britain ya 1971 ija. Siinathe ayi, anangoidula pakati, ndipo ine zimandiwawabe.

Kwa amene simunaionepo, muli amuna awiri osambira m'ndalama, okonda akazi ndi magalimoto othamanga. Roger Moore akusewera ngati Brett Sinclair, wobadwira m'banja lolemekezeka ku England, woyendera Aston Martin yachikasu. Tony Curtis akusewera ngati Danny Wilde, wokulira mu umphawi ku New York n'kudzalemera ndi mafuta, wa Ferrari yofiira. M'gawo loyamba amakumana kugombe la kummwera kwa France, n'kuyambana pa bala chifukwa cha nkhani yopanda mchere: m'chakumwa muikidwe kachipatso ka olive kamodzi kapena tiwiri? Zibakera zinavuta, mipando n'kuthyokathyoka. Osadziwa kuti wawatchera msampha ndi Fulton, woweruza milandu wopuma pantchito amene mtima ukumupweteka poona zigawenga zikupulumuka kukhoti. Akuwauza kuti asankhe, masiku 90 m'ndende kapena kumuthandiza kuzisaka.

Apatu filimuyo inatilonjeza kanthu. Anthu amene ayamba kuchita zabwino chifukwa choopa ndende, kodi adzafika pozichita mwa kufuna kwawo? Magawo 24 anadutsa, ndipo lomaliza, mu 1972, linangokhala mlandu wina wokhudza Brett ndi mpikisano wa magalimoto. Basi. Ku America, pa kanema wa ABC, anthu sanaitsate mokwanira pomwe inkadya ndalama zambiri, ngakhale ku France ndi ku Germany ankaikonda koopsa. Pofika 1973 Moore anali atakhala kale James Bond.

Ena amati ndi bwino choncho, awiriwo akhalebe akunyogodolana mpaka kalekale. Ine ndikukana. Ndinkafuna gawo limodzi lokha, pamene mkulu Fulton akuwaitana n'kuwauza kuti ngongole yawo yatha, ali omasuka. Brett mwina akanabwerera ku maphwando ake. Koma Danny? Munthu amene anagonapo ndi njala amadziwa mmene zimawawira wamphamvu akakupondereza n'kupita osalangidwa, ndipo Curtis ankazionetsa zimenezi kuseri kwa nthabwala zake. Ndikukhulupirira kuti Danny akanatsala ndi Fulton, ndipo Brett akanamutsatira akung'ung'udza. Amene munaionera, mukuti bwanji?