Inu oika inveta m'galimoto zogonamo, fyuzi mwaisiya kuti?

Ndikulankhula ndi inu achinyamata amene mwayamba kugula ma Hiace ndi ma Land Cruiser akale, kuzula mipando, kukhoma bedi ndi kabati, kuti muzigona momwemo ngati alendo aja amabwera ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Nzeruyo sindikuitsutsa. Chondinyansa ndi mmene mukulumikizira magetsi, makamaka inveta, kabokosi kaja kosandutsa 12 volts ya batire kukhala 230 volts ngati ya m'nyumba. Ine imvi zinamera ndikukonza magetsi a makalavani ku Joni, ndiye wakutsina khutu ndi mnansi, tamverani.

Sabata yathayi ndinali kunyanja ndi adzukulu. Pafupi ndi tenti yathu panaima mnyamata wina, waulemu wake, wooneka kuti sukulu anapita nayo patali. M'mawa mkazi wake anatereka ketulo ya magetsi kuti akonze tiyi. Sipanathe mphindi ziwiri tinamva fungo la pulasitiki yopsa, kenako utsi wakuda tolotolo kuchokera pansi pa bedi, pomwe khanda lawo linagona usiku wonse. Mwayi wake sipanala ya 10 siichoka m'thumba mwanga. Ndinathamangira kubatire n'kumasula mutu wa negative.

Titasegula pansi pa bedi ndinagwira pakamwa. Inveta ya ma watt 2000 yolumikizidwa ndi waya wa m'nyumba, wonenepa 2.5 mm² uja wa masoketi, wotalika mamita anayi, fyuzi palibe ngakhale imodzi. Pulasitiki ya wayayo inali itasungunuka n'kumatirira pa thabwa. Ndinati, “Mwana wanga, anakulumikizira ndani zimenezi?” Akuti, “Ndinaonera pa intaneti, bambo. Komanso ndi 12 volts chabe, siigwira munthu.”

Mawu amenewo ndiwo akuotcha galimoto zanu. Zoona, 12 volts siikugwedeza ukaigwira, koma moto umayambira komweko. Tawerengani nane. Ketulo ya ma watt 2000 ikakhala m'nyumba pa 230 volts imakoka ma amp 9 basi. Ketulo yomweyo ikamadyera mu inveta, batire liyenera kutulutsa 2000 kugawa ndi 12, amene ndi ma amp 167, ndipo poti inveta nayo imadyapo yake, amafika cha m'ma 185. Waya wa 2.5 mphamvu zake zimathera cha m'ma amp 25. Mukufuna mtsinje wa Shire udutse mu paipi yothirira dimba? Inveta ya ma watt 1000 imafuna waya wa 25 kapena 35 mm², ya 2000 imafuna wa 50 kapena 70 mm², wonenepa ngati chala, ndipo ukhale waufupi. Inveta ikhale pafupi ndi batire. Ngati mukufuna soketi kumbuyo kwa galimoto, talikitsani mbali ya 230, osati ya 12. Wayayo ndi wodula, ndikudziwa. Galimoto ndiye yotchipa?

Tsono za fyuzi. Ambiri mumati, “Inveta ili nayo kale fyuzi m'kati.” Imeneyo ikuteteza inveta. Nanga waya wochokera kubatire akuuteteza ndani? Misewu yathu mukuidziwa, maenje ndi mabampu okhaokha. Waya umene mwaudutsitsa pa bowo la chitsulo popanda mphira umakhuzika pang'onopang'ono, mwezi uno, mwezi wamawa, mpaka tsiku lina mkuwa ukhudza bodi. Pamenepo batire limakhuthula ma amp mazanamazana nthawi imodzi, waya umafiira psuu ngati waya wa hita, ndipo kuzimitsa kiyi sikuthandiza chilichonse. Fyuzi yaikulu imakhala pa waya wa positive, pafupi ndi mutu wa batire, osapitirira chikhato chimodzi, ndipo kukula kwake kufanane ndi zimene wayayo angathe kunyamula. Ikapsa, funsani chimene yapsera. Osati zanu zija zoikapo msomali kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya ndudu. Amene anakuphunzitsani zimenezo sakufunirani zabwino.

Enanso mukubaya inveta yaikulu pa kabowo koyatsira ndudu. Fyuzi ya pamenepo ndi ya ma amp 10 kapena 15, zokwanira kutchaja foni ndi laputopu, basi.

Batire loliza injini lisiyeni ligwire ntchito yake. Gulani lachiwiri, la deep cycle, lopangidwira kutulutsa magetsi kwa nthawi yaitali, ndipo pakati pa awiriwo pakhale chowalekanitsa injini ikazima, apo ayi mudzadzutsa asodzi kuti akukankheni pa mchenga. Batire la asidi la 100Ah silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye ketulo ija ikhoza kulifoola kotala ya ola isanathe. Tiyi phikani pa gasi kapena pa mbaula, ndipo mbaulayo panja, osailowetsa m'galimoto ngakhale kuzizire bwanji. Mabatire a asidi akamatchajidwa amatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ndi kanthethe kamodzi, choncho bokosi lawo lizipuma kunja, ndipo inveta isagone bokosi limodzi ndi batire kapena silinda ya gasi. Nayonso imafuna mphepo; musaiunjikire mabulangete ndi matumba a usipa. Pogwira ntchito vulani mphete ndi wotchi. Ndinaonapo mphete ya ukwati itakhudza sipanala ndi bodi, chala chake sindifuna kuchifotokoza.

Mbali ya 230 imapha chimodzimodzi ndi magetsi a ESCOM, siyang'ana kuti yachokera m'batire. Ikani chodula magetsi cha earth leakage cha 30mA, chija chimadula magetsi akayamba kuthawira mwa munthu kapena m'chitsulo, ndipo bokosi la inveta mulilumikize ku bodi monga likunenera buku lake, buku lija mumataya pamodzi ndi katoni. Koma chimene ndimadana nacho kwambiri ndi chingwe cha mapulagi mbali zonse ziwiri, chimene ena mumabaya mu inveta ndi mu soketi kuti galimoto yonse ikhale ndi magetsi. Mukabaya mbali imodzi, mano a mbali inayo ali ndi moto, ndipo mwana wokwawa sadziwa zimenezo. Mukadzaiwala n'kulumikizanso magetsi a pamalo ogona inveta ili chiyakire, ikhoza kuphulika. Pamafunika switchi yosankha, kuti kuzilowa magetsi a mbali imodzi yokha, a inveta kapena a pamalopo. Inu oitanitsa katundu ku America, onaninso cholembedwa pa bokosi: kumeneko ndi 120 volts, kuno ndi 230.

Mnyamata uja tinamumasulira zonse tsiku lomwelo, tiyi anamwa wa pa mbaula yathu, mkazi wake osamuyankhula mpaka madzulo. Waya wopsawo ndinamupempha, ndaupachika pa msomali pakhomo la galaji yanga, pomwe aliyense wobwera ndi inveta m'katoni amayamba waugwira kaye ndisanamuuze mtengo wa waya wa 50.