Mbande za mapulamu zopanda dzina: apa a ku South Africa atisiya kutali

Kuno kwathu munthu akhoza kugula mbande ya pulamu, kuibzala, kuithirira zaka zinayi, koma osadziwa kuti wabzala mtundu wanji. Mwezi watha ndinafunsa mwini nazale wina dzina la mbande zimene ankagulitsa, ndipo anandiyankha kuti ndi mapulamu basi ndiponso kuti amabereka kulikonse. Yankho limeneli landinyansa mpaka lero, chifukwa mtengo wa pulamu subereka kulikonse, ndipo wogula amene wauzidwa zimenezi akabzala ku Salima adzakolola masamba okhaokha.

Mtengo umenewu umayoyola masamba m'miyezi ya June ndi July, ndipo kuti udzachite maluwa bwino umayenera kukhala maola ambiri pa kuzizira kotsika pansi pa madigiri 7. Maola amenewa amasiyana malinga ndi mtundu. Mtundu wa Santa Rosa, amene katswiri wa zomera Luther Burbank anatulutsa ku California mu 1906, amafuna maola 300 kapena 400, pamene Methley, amene anachokera ku Natal, amakhutira ndi maola pafupifupi 250 ndipo amabereka ngakhale atakhala yekha pakhomo. Ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, komanso ku Tsangano ndi pamwamba pa phiri la Zomba, mitundu yotereyi ikhoza kupeza chisanu chokwanira. Ku Lilongwe, kumene kuli pamtunda wa mamita cha m'ma 1,050, mtengo wofuna kuzizira kwambiri umaphuka mochedwa, nthambi ina lero ina patapita milungu, maluwa n'kuthothoka osagwira chipatso. Nanga munthu angasankhe bwanji mtundu woyenera dera lake ngati mbandeyo ilibe dzina?

Amene anakhalako ku Cape Town kapena ku Johannesburg akudziwa mmene anzathuwa amachitira. Ku nazale iliyonse yooneka bwino, mbande imakhala ndi kachikwangwani kotchula mtundu wake, ndipo wogulitsa amatha kukuuzani nthawi imene zipatso zimapsa ndiponso ngati mtengowo ukufuna unzake wa mtundu wina kuti njuchi zisakanize mungu. Bungwe lawo la kafukufuku wa zipatso ku Stellenbosch, limene lero limatchedwa ARC Infruitec-Nietvoorbij, linatulutsa pulamu wa mtundu wa Laetitia mu 1985, ndipo alimi amadziwa kuti Laetitia amabereka bwino akabzalidwa pafupi ndi mtundu wina wotchedwa Songold. Amadziwanso tsinde limene mbande yamezanitsidwapo, nthawi zambiri la Marianna. Mmalawi wosamalira maluwa pakhomo la bwana ku Stellenbosch akhoza kutchula mitundu ya mapulamu yambiri kuposa misika yonse ya pamsewu wa M1 itaphatikizana, ndipo zimandipweteka kuti nzeru imeneyi waipeza kunja.

Komabe sindinganene kuti zonse ndi ulesi wathu. Ku Western Cape mvula imagwa nthawi yachisanu, ndipo zipatso zimapsa nyengo youma ya dzuwa. Kuno mapulamu amapsa cha mu November ndi December, mvula ikuyamba, choncho ena amang'aluka, ena amawola, ndipo ntchentche za zipatso zimaikira mazira mwa otsalawo. Mtundu umene wapambana ku Paarl, ku Western Cape konko, sungangopambananso ku Ntcheu chifukwa cha dzina lake, ndipo mitundu yochedwa kupsa ngati Laetitia ingakumane ndi mvula yamphamvu ya January. Pa kakomedwe ndiye sindigonja ayi. Pulamu wothyoledwa atapsa pamtengo ku Dedza amaposa kutali aja olimba a m'masitolo, amene amathyoledwa msanga kuti apirire ulendo wa m'galimoto zoziziritsa.

Anzathu a ku Angónia ku Mozambique, tsidya lina la msewu pa Lizulu, ali m'vuto lofanana ndi lathu, popeza mapichesi ndi mapulamu awo amagulitsidwa pamulu popanda wotchula mtundu. A ku Zimbabwe ali ndi minda ikuluikulu ya zipatso za kumalo ozizira ku Nyanga, ndipo kumeneko mayina a mitundu sanatayike.

Chimene chikundidandaulitsa n'chakuti nafenso tili ndi malo a kafukufuku wa zipatso ku Bvumbwe, ndipo alangizi alipo m'maboma onse, koma dzina la mtundu limasowera panjira pakati pa wofufuza ndi wogulitsa mbande. Mwini nazale aliyense amene akumezanitsa mapulamu azimanga kapepala kolembapo mtundu wake ndi mudzi umene mphukira anaitenga. Ife obzala pakhomo tizilemba tsiku limene mtengo wachita maluwa, tsiku limene zipatso zapsa, ndi kuchuluka kwa zimene zaonongeka ndi mvula kapena ntchentche. Zolemba za anthu a ku Dedza, Neno, Zomba ndi Lilongwe zikaikidwa pamodzi kwa zaka zingapo, tidzadziwa ngati Methley ndiyedi woyenera madera athu ofundirako, kapena ngati pali mtengo wina wakale pakhomo la munthu ku Tsangano umene uyenera kuchulukitsidwa.