Mwasiya levothyroxine chifukwa cha ufa wa pa WhatsApp?

Ndakwiya ine lero ndipo ndilankhula. Sabata yatha mlamu wanga amene amakhala ku Durban anathamangira naye kuchipatala usiku, thupi lili zii ngati madzi a mumtsuko, nkhope yotupa, mawu akukoka ngati woledzera chonsecho mowa sanaulawepo chibadwire. Kufunsa ana ake akuti amayi anasiya kumwa levothyroxine, mankhwala a chithokomiro chofooka, miyezi inayi yapitayo, m'malo mwake akumwa ufa wa zitsamba wa ashwagandha ndi timibulu ta kanchanar guggulu togula kwa mzimayi wina pa WhatsApp, ati mankhwala achikhalidwe a ku India otchedwa Ayurveda adzutsa chithokomiro chiyambenso kugwira ntchito chokha. Chokha? Zaka 9 adokotala akukuyezani magazi kuona TSH (homoni yosonyeza mmene chithokomiro chikugwirira ntchito), kusintha mlingo pang'onopang'ono mpaka mwapeza bwino, inu nkutaya zonsezo chifukwa cha voice note?

Kambulu kamodzi m'mawa musanadye, kudikira mphindi 30 kenako tiyi, chakuvutani ndi chiyani? Ati ndatopa ndi mankhwala a moyo wonse. Nanga ufa mukusakaniza mumkaka usiku uliwonsewo si mankhwala?

Ena inu ndiye mumaphatikiza zonse ziwiri osawauza adokotala, mtima nkuyamba kugunda ngati ng'oma, tulo osabwera, thukuta kamukamu, kenako muziti akulodzani. Ashwagandha amasokoneza mahomoni a chithokomiro, ena wawawonongera chiwindi, dziko la Denmark linamuletsa mu 2023, mukuganiza analibe chochita? Ku Boston, pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2004, anayeza mankhwala a Ayurveda 70 ogulitsidwa m'mashopu, 14 anapezeka ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Inu kabotolo kanu kopanda ndi lebulo komwe kanayezedwa ndi ndani?

Sindikunyoza amwenye ayi, ku India komweko odwala chithokomiro ambirimbiri amamwa levothyroxine yemweyu m'mawa uliwonse. Inuyo mwawaposa eni ake?

Ondiwawa kwambiri ndi atsikana oyembekezera. Mukasiya mankhwala mimba imatha kuchoka, ubongo wa mwana umathanso osakula bwino, amene anakugulitsani ufayo adzakhala atakublokani kalekale, mudzalira ndi ndani?

Mlamu wanga akadali pa bedi, ana ake ajomba kusukulu sabata yonse, ndalama zomwe amati atumize kumudzi za feteleza zathera pa thiransipoti. Amene muli ndi mabotolo amenewa m'kabati tengani mukawaonetse adokotala mawa lomwe, musandiyankhe za "ndi zachilengedwe" pano.